Amuna anga asiya kuyankhula Chirundi ndi mwana wathu

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Msakambewa, ndimagulitsa tomato pamsika wa ku Dzaleka. Kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi amuna anga, omwe kwawo ndi ku Burundi. Tili ndi mwana mmodzi, Tabita, wa Sitandade 5. Ine ndimamuyankhula Chichewa, bambo ake Chirundi, ndipo akakhala ndi anzake amayankhula Chiswahili.

Teremu yatha analephera Chingerezi. Aphunzitsi ake anatiuza kuti, "Mwanayu mukumusokoneza mutu, ziyankhulo zachuluka pakhomo." Amuna anga anangoti zikomo. Kuyambira tsiku limenelo anasiyiratu Chirundi. Akuti azimuyankhula Chingerezi basi, koma Chingerezi chawocho ndi cha moni ndi kufunsa mtengo. Chikawathera amangokhala chete.

Kale akamamuperekeza kusukulu panjinga ankaimba limodzi nyimbo ya Chirundi yomwe malemu mayi awo ankawaimbira. Abale awo anatha pankhondo, nyimboyo ndi yokhayo yomwe anabwera nayo. Tsopano amapita njira yonse kuli zii. Dzana mwana anandifunsa, "Amayi, kodi ababa ndinawalakwira chiyani?" Mtima unandiwawa. Ndikayamba nkhaniyi, iwo amati, "Chirundi chinandipindulira chiyani? Mwana aphunzire, asadzavutike ngati ine."

Ndikufuna Tabita akhoze, koma sindikufuna asowe bambo ake ali moyo. Nditani?

P.M., Dowa

A P.M.,

Amuna anuwo amamukonda mwana wawo, kungoti mankhwala awo akuwawa kuposa matenda. Kumidzi kwathu kuno kuli ana ambirimbiri odziwa Chichewa chokha, koma nawonso Chingerezi chimawagwetsa. Nanga iwowo wawasokoneza ndani? Mwana wokhoza ziyankhulo zitatu mutu wake ndi wabwino. Chingerezicho sakuchimva ndi kuchiwerenga mokwanira, basi.

Bwererani kwa aphunzitsi, muwafunse mwaulemu pomwe Tabita akukanika, kaya ndi powerenga kaya ndi polemba. Mubwerekeko timabuku ta Chingerezi. Tabita akaweruka aziwerenga mokweza, kenako aziwafotokozera bambo ake m'Chirundi zomwe wawerengazo. Munthu safotokoza chomwe sanamvetse, ndiye Chingerezi chidzalowa, nawonso bambo adzatolako mawu awiri atatu osachita manyazi.

Funso la mwana lija, amuna anu ayenera kulimva. Muwauze muli awiri, m'mawu ake enieni, musawonjezere mchere.

Koma samalani. Musaseke Chingerezi chawo, ngakhale mocheza, ndipo musanyoze aphunzitsi mwana akumva. Musazengerezenso, chifukwa mwana akazolowera kuti bambo sayankhula, amasiya kufunsa. Chingerezi adzachipeza kusukulu ndi pawailesi, koma nyimbo ya agogo akeyo ili pakamwa pa munthu mmodzi yekha.

Mumunong'oneze Tabita kuti mawa, akakwera njinga, ayambitse yekha nyimbo ija. Sindikukhulupirira kuti bambo ake angafike pachipata cha sukulu asanavomere.

Aphungu