Mzere Wosafufutika

Lachitatu, 14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, mtima ndi umene wawola.

Mukukumbuka ndinakuuzani kuti abwana akufuna mtsogoleri wa gulu lathu lolemba mapulogalamu, ndipo kuti mpandowo ndi wanga? Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pano, achemwali. Ndiye mu Juni kunabwera mtsikana wina, tinamutcha Chetechete poti tsiku lonse amangoyang'ana kompyuta, kapu ya tiyi n'kumazizira pambali.

Tikupangira chipatala china pulogalamu. Dokotala akasintha mankhwala a wodwala, zakale zisafufutike, zizisungidwa. Ine ndinaunjika zonse, zakale ndi zatsopano, m'tebulo imodzi ya detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta yosungiramo za odwala. Ndiye kachida kathu kamene kamatenga zinthu m'detabesimo kamapita kukafunsa za wodwala aliyense payekhapayekha kuti zatsopano ndi ziti. Odwala mazana asanu, maulendo mazana asanu! Tsamba limatseguka munthu utapita kuchimbudzi n'kubwerako.

Chetechete anayang'ana masiku awiri okha. Zakale anaziika m'tebulo yakeyake, mzere wa wodwala n'kumaloza zatsopano zokha. Ulendo umodzi, tsamba latseguka. Abwana anachita kuimirira n'kuomba m'manja. Ine chibwerere sanandiombereko ngakhale chala. Ndinangomwetulira nawo. Ndinachita nsanje, achemwali, nsanje yeniyeni yosowetsa njala. Ngakhale kalembedwe kake ka khodi, malamulo amene timalembera kompyuta, kamandinyansa chifukwa n'kokongola.

Tsopano imvani zopusa za mlongo wanu. Tili ndi ndandanda wa ntchito umene abwana amawerenga posankha wokwezedwa. Lolemba masana anzanga atapita kukadya, ndinalowamo, pa ntchito ija ndinachotsa dzina la Chetechete n'kuika langa. Ndinkati poti ndinaiyamba ndine, si kuba kwenikweni. Sindinadziwe kuti njira yake ija yosunga zakale anayamba waiyesera pa ndandanda womwewo.

Dzulo m'mawa Chetechete anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, n'kutembenuza laputopu yake. Zonse zinali poyera: dzina lakale, dzina latsopano, wosintha ine, nthawi 12:41.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "ndabwezeretsa. Abwana sindiwauza. Koma mzere uwu sindingaufufute, ndinaupanga dala kuti usamafufutike."

"Ndinalakwitsa podina," ndinatero.

"Eya, zimachitika."

Bola akanandilalatira! Kukoma mtima kwakeko n'kumene kwandimaliza, moti tsopano ndikumuchitira nsanje ngakhale pa khalidwe. Lero abwana alengeza, mpando wapita kwa iye. Sindikudziwa ngati abwanawo anatsegula mbiri ya zosintha pa ndandanda uja kapena ayi. Akandipatsa moni ndimafufuza m'maso mwawo.

Musandiyankhe ndi malangizo, ndikuwadziwa onse. Ndangofuna munthu mmodzi adziwe kuchokera pakamwa panga, osati pa kompyuta.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda. Ndamva auza kale anzawo onse kuti mwana wawo ndi bwana, mpaka asoketsa diresi yodzavala pobwera kudzaona ofesi yanga. Chonde, muwapezere chifukwa chilichonse asabwere mwezi uno. Akakakamira, muwauze kuti wodzawalandira pakhomo ndi mtsikana waulemu kwambiri, adzamukonda.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa amayi