Tsiku limene anatitsegulira munda wa maluwa

Amayi,

Kodi kumene muliko mukupeza tulo? Ndikufunsa chifukwa masiku ano pamwamba panu pakuyenda anthu ambiri.

Ndiyambe ndi zabwino. Mvula itangoyamba ndinabereka mwana wamwamuna, wa makutu oimirira ngati anu aja. Mdzukulu wanu Lute wakula, madzi akutunga yekha. Chimanga cha chaka chatha sichinachite bwino, poti nthawi yopalira bambo a Lute anali ku thangata, kulimira tiyi wa mzungu. Nandolo ndiye watipulumutsa. Kalongonda ndimaphikabe, koma safika pa wanu.

Tsono imvani izi. Bwana wa esiteti anafuna munda wa maluwa woti azungu azikapitidwako mphepo madzulo, ndipo anasankha msitu wathu wa manda uja, poti uli pafupi ndi mtsinje. Amuna onse anaitanidwa ndi nkhwangwa ndi makasu, akuti wokana amugwetsera nyumba. Bambo a Lute anasalaza nawo mitumbira, ndipo mpaka lero sakamba za ntchitoyo. Mtengo umodzi wokha wa mbawa anausiya chifukwa dona, mkazi wa bwanayo, anakonda mthunzi wake. Ndi womwe uja tinakuikani patsinde pake.

Mlonda wa mundawo mukumudziwa. Ndi achimwene anga, a Simoni, amene munkawabisira chiwindi cha nkhuku ife tikunyambita msuzi. Anawaveka jekete ya khaki, chikoti m'manja. Paja munkati, "Simoni ndiye adzandisunge." Akukusunganidi.

Pa Khrisimasi anatitsegulira chipata kuti nafenso antchito tikaone. Sindikunamizani amayi, nkokongola. Kapinga wake ngofewa kuposa bulangeti, maluwa amitundu imene sindinaionepo, ndi dziwe la nsomba zofiira zoti munthu sadya, nzongoyang'ana. Lute anagubuduka pa kapingapo, kuseka mpaka kutsamwa. Anyamata a ku Thekerani anayambitsa nyimbo yachilomwe, azimayi nkumaomba m'manja. Dona ankatiponyera mabisiketi, ife nkumatola. Inenso ndinatola.

Kenako ndinafika pa mbawa paja. Aikapo benchi ndi tebulo lomwerapo tiyi, ndipo pamene pali mutu wanu anadzalapo maluwa ofiira aminga. Ndinkangofuna kukuonetsani mwana. Ndinalowa m'maluwamo, ndinagwada, nkumumasula kumsana.

Achimwene anafika akuthamanga.

"Choka pamenepo, iwe."

"Achimwene, si pa amayi pano?"

"Pano palibe amayi. Awa ndi maluwa a dona."

Anacheuka kuyang'ana bwana, amene anaima chapatali ndi alendo ake. Bwanayo anangokhala akuyang'ana. Ndiye chikoti chinatera. Choyamba chinandipeza pamsana. Ndinawerama kuti ndiphimbe mwana, koma chachiwiri chinazungulira nkumutema pamwendo. Kulira kwake, amayi, ngati simunakumve ndiye kuti kumeneko nkutalidi. Dona ananyamula kagalu kake nkukatengera kutali kuti kasaope phokosolo. Nyimbo ija inaleka. Anthu amene munkadya nawo anangoyang'ana pansi, ena akutafunabe mabisiketi awo. Potuluka pachipata ndinaona bwana akupatsa achimwene ndudu ya fodya.

Dzuwa lisanalowe achimwene anabwera kwathu atanyamula shuga m'kapepala. Anakhala pakhonde, osandiyang'ana kumaso.

"Ndikanapanda kutero akanatithamangitsa tonse," anatero.

Anapempha kuti aone mwendo wa mwana, ndipo ndinawaonetsa. Anauyang'ana nthawi yaitali, nkunena kuti ana sachedwa kupola. Shugayo anamusiya pakhonde, nyerere zinamutha.

Komabe atithamangitsa. Kapitawo anabwera kudzanena kuti ndinathyola maluwa, choncho tikangokolola tichoke pa malo a esiteti. Achimwene okha ndiwo atsale, akuti amagwira ntchito mokhulupirika. Ife tikupita ku Khwethemule, kwa abale a bambo a Lute. Lute sakumvetsa. Amandifunsa kuti tidzapitanso liti kukaona nsomba zija.

Munkakonda kunena kuti, "Ine musadzandisiye ndekha pakati pa alendo." Mafupa anu sindingathe kuwanyamula, amayi. Koma ndikukulonjezani kuti ndisanachoke ndidzalowanso m'mundamo, masanasana, ndi khasu langa ndi lichero. Ndidzatapa dothi la pamutu panu kuti tipite nalo limodzi. Achimwene akafuna adzamenyenso. Msana wapola.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati