Mphindi Zitatu za ku Austin

Lolemba, 10 Epulo 1989

Mwana wanga Yesenia maso achita chikasu. Adokotala akuti ndi madzi. Ngati sindikudziwa! Madzi ogula pa lole, osunga m'migolo imene kale munali mankhwala a kufakitale. Mudzi wonse uno kunja kwa mzinda wa El Paso, mulibe mpopi ngakhale umodzi. Mwana wa zaka zinayi, kupepuka ngati nkhuku. Ndili ndi mantha.

Lachitatu, 12 Epulo

Kutchalitchi asankha ine kuti ndikalankhule kwa aphungu ku Austin, likulu la dera lathu la Texas, za mipopi. Mphindi zitatu, Lachiwiri, 9 koloko m'mawa. Ndinakana. A Doña Chayo, mkulu wa amayi: "Iwe pamsika umalongolola mpaka ogulitsa kuthawa, lero pakamwa pauma?" Aphungu a Texas amakumana kamodzi pa zaka ziwiri. Meyi akatha, atseka. Tikaphonya, mpaka 1991.

Lolemba, 17 Epulo

Panjira ndi alamu anga a Fidencio, pa kagalimoto kawo kopanda wailesi. Kuyenda tsiku lathunthu, tikadali mu Texas momwemo. Mchenga, minga, mapiri ouma. Pachipata cha asilikali olondera malire anayang'ana mapepala anga nthawi yaitali. Mapepalawo ali bwinobwino, koma mafunso awo ndinayankha mwachibwibwi. A Fidencio kuseka: "Mlamu, ukuchita mantha ndi msilikali, nanga mawa?" Tigona m'galimoto pafupi ndi mzinda. Mawu anga ndawaloweza onse.

Lachiwiri, 18 Epulo

Tinafika ku nyumba ya malamulo 8:30 pa wotchi yanga, ndikudzitama kuti ndalawira. Mlonda wa pakhomo: "Mayi, nkhani ya madzi yatha. Dzina lanu anaitana kawiri." Anandilozera wotchi ya pakhoma. 9:30.

Kani Austin ili patsogolo pa El Paso ndi ola limodzi! Bwanamkubwa mmodzi, mbendera imodzi, nthawi ziwiri. Chibadwire sindinapiteko kum'mawa kuno. A Fidencio nawonso wotchi yawo ngati yanga, kuseka konse kunatha. Anthu pafupifupi mamiliyoni 17 m'dera lino, wotumidwa ndi mudzi wathu ndinali ndekha. Ndinakhala pamasitepe, ndinalira.

Lachinayi, 20 Epulo

Ndafika anthu ali thithithi pabwalo panga. A Doña Chayo: "Ati chiyani akuluakuluwo?" Ine: "Amva." Mawu angotuluka okha. Anthu kuwomba m'manja. A Fidencio angoyang'ana pansi, ulendo wa kwawo.

Loweruka, 22 Epulo

Yesenia wasanza kawiri. Madzi ndi omwe aja, ndingowiritsa.

Amuna a m'mudzi abwera ndi mafosholo. Ayamba kukumba ngalande ya mapaipi, akuti boma likafika lipeze ntchito yayamba kale. Ayambira pakhomo panga. "Ulemu wa amene anatilankhulira," atero a Doña Chayo. Ndikuwaona pawindo, thukuta kamukamu, ena ndi okalamba. Ndawapatsa khofi osawayang'ana kumaso.

Mawa Misa ikatha akufuna ndiime kutsogolo, ndinene zonse zimene aphungu anayankha. A Fidencio akakhalapo. Ndikanena zoona, a mafosholo aja adziwa kuti akumba pachabe. Ndikapanda kunena, anthu azingodikira mipopi yosabwera, Yesenia akumwabe madzi omwewa.