Nambala Imene Ndinauza Anamwino

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko, inu ndi alamu. Kuno kwazizira, ndipo mukudziwa zimene chisanu chimachita ndi nthenda yanga ya magaziyi, sikoselo. Lachiwiri mafupa anayambanso kubaya, mpaka anandithamangitsira kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi.

Anamwino anandifunsa kuti, "Kuyambira wani mpaka teni, ululu uli pati?" Ine ndinati folo, poti munandiphunzitsa kuti mtsikana salira pagulu. Ndiye anandisiya pabenchi maola atatu. Atabweranso anaona mmene ndinkafinyira nsalu yanga, n'kunena kuti, "Asisi, ulemu wanuwo ukuphani. Kuno timafuna zoona."

Atandiika diripi ndi mankhwala amphamvu, thupi lonse linapepuka. Madontho ankatsika pang'onopang'ono, katani ikugwedezeka ngati zovala zathu pachingwe. Ndinakuonani ngati kumaloto mukundithowa miyendo ndi madzi ofunda, mukung'ung'udza kanyimbo kanu kopanda mutu kaja.

Adokotala anayang'ana chithunzi cha chifuwa changa nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mumakhala pafupi. Koma musajombe kuntchito chifukwa cha zimenezi.

Lero andifunsanso nambala ija. Achemwali, mundikhululukire, ndati teni.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime uja