Mpunga wa Fauziya

Kwa Mposa,
Machinga.

Okondedwa achemwali anga a Zainab,

Bwana amene anabwera kuno chaka chatha pa galimoto yoyera analengeza pamaso pa mudzi wonse kuti kuyambira mwezi womwewo, mlezi aliyense wa sukulu ya mkombaphala azilandira kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene adzaiwalike. Abambo tinawomba m'manja, amayi anaimba nthungululu. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Asalaam aleikum. Muli bwanji ku Balakako, pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga bondo lija linkakuvutani lija? Kuno tili bwino, Alhamdulillah, kupatula chifuwa cha nyengo yozizira chimene chikuyenda khomo ndi khomo. Mwana wanu Fauziya ali bwino ndithu.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumalankhula ndinu nokha, mayunitsi n'kutha ine ndisanatsegule pakamwa. Funso lanu ndinalimva: bwanji ine atsibweni ake sindinamukweze Fauziya minibasi yobwerera ku Balaka, pomwe kuno anangobwera kudzatenga katundu wake? Khalani pansi ndikuuzeni.

Mukudziwa kuti Fauziya walera ana pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi muno zaka zitatu popanda malipiro. Kale makolo ankamukumbukirako. Wina ankabwera ndi sopo, wina kambale ka matemba, wina mtolo wa nkhuni. Sizinali zambiri, koma munthu ankasamba. Fumbi la galimoto ya bwana uja lisanathe n'komwe, zonsezi zinaima. Anthu anati mwana wa a Zainab tsopano ndi wa boma, ndipo wa boma sapatsidwa matemba. Ena anayamba kumuitana kuti madamu. Ena ankamulawirira m'mawa kudzabwereka ya mchere.

Iye, poti ndi mwana wanu weniweni, sanafune kuti munthu adziwe kuti palibe chikubwera. Mwezi ukatha ankapita kwa ejenti wa ndalama za pafoni kukafunsa ngati mwalowa kanthu, n'kubwerako chimanjamanja. Anthu pomuona pamzerepo ankakodolana kuti taonani madamu akukatapa. Ine ndinkadziwa, koma anandipempha kuti nditseke pakamwa.

Choncho mutamupezera malo pa sukulu ya ana yolipira ya m'tauni ija, ine sindinatsutse. Ndinamunyamulira ndekha chikwama mpaka pa siteji pamene ankabwera kudzayeserera masabata awiri aja. Chimene tonse sitinaganize n'chakuti inali nthawi imene mpunga umakhala ukucha.

Inu munakulira kuno, mukudziwa kuti mpheta sizipita kutchuthi. Mpunga ukayamba kucha, mudzi wonse umasamukira kudambo kuyambira mbandakucha, kukuwa ndi kugogoda zitini. Mnzake amene ankathandizana ndi Fauziya anasiya kalekale n'kupita kukagwira ganyu, ndiye sukulu inangotsekedwa. Amayi anatenga ana awo kupita nawo kudambo. Zinali zoti muone: mayi dzanja lina chitini, lina mwana, maso kumwamba, kwinaku wachiwiri akudya matope.

Tsiku lina kamwana ka a Zubairu, ka zaka zitatu, kanagwera m'ngalande. A Zubairu mukuwakumbuka, aja ali ndi zigawo zambiri za mpunga kuposa aliyense kuno, amene ndalama ikalowa m'thumba mwawo imaiwala njira yotulukira. Mayi ake a mwanayo anali kutsogolo kuthamangitsa mbalame. Mwamwayi a Maziko, mayi wamasiye wa ku tchalitchi uja amalima chigawo choyandikana nacho, anaona kadiresi kofiira kakuyandama, analumphiramo n'kukavuula. Mwanayo anasanza madzi, analira, ali moyo. Akusewera panja pano ndikulembamu.

M'mawa mwake a Zubairu anapita kwa a Yotamu, wapampando wa komiti ya sukulu, kukadandaula kuti Fauziya akanenezedwe ku boma, chifukwa akudya ndalama za boma kwinaku atasiya ana kuti azimira. A Yotamu sakana msonkhano, poti ndi kumene amalankhulira. Anauitanitsa tsiku lotsatira Fauziya atangofika kuchokera kwanuko.

Tinakhala m'chisakasa cha sukulu chomwecho, akuluakulu pa timipando ta ana, maondo ali m'khosi. A Zubairu analankhula nthawi yaitali. Fauziya anangowerama. Apo ine ndinaona kuti lonjezo langa lotseka pakamwa latha ntchito. Ndinaimirira n'kunena kuti mwanayu sanalandirepo kalikonse kuchokera kulikonse.

A Zubairu anati ndisawapusitse, munthu wovala tayi, wobwera ndi galimoto ndi zokuzira mawu, sanganame pamaso pa ashehe ndi abusa. Ine ndinati iyayi, sindinanene kuti bwanayo ananama, mwina ndalamayo inanyamuka ndithu ku Lilongwe koma ikubwera wapansi. Kenako alamu anu, akazi anga, anaimirira n'kunena kuti sopo amene Fauziya wasambira chaka chonse ndi wa m'nyumba mwathu, ndipo amene akukayika abwere adzaone mmene amathera msanga.

Amene ankabwereka ya mchere aja anayamba kuyang'ana zala za kumapazi.

Kenako anaimirira a Maziko. Anafunsa a Zubairu kuti kodi m'zigawo zawo zakutali zija amawaingitsira mbalame ndani. A Zubairu anati amalemba anthu. A Maziko anafunsa kuti amawalipira chiyani. A Zubairu anati monga mwa nthawi zonse, ndowa ya mpunga pa chigawo chilichonse pokolola, aliyense akudziwa. Apo a Maziko anati ndiye kuti woteteza mpunga wanu kwa mpheta amapita kwawo ndi ndowa, koma woteteza mwana wanu ku ngalande amapita kwawo ndi dzina loti madamu. Anawonjezera kuti iwo chitenje chawo sichinaumebe, ndipo m'ngalandemo sadzalumphiramonso kawiri, msana wawo si wa boma.

A Zubairu anati iwo anabwera kudzadandaula, osati kudzalipitsidwa. Anthu anaseka mpaka ana amene anali kumbuyo kwa amayi awo anadzuka. A Yotamu anayamba kufotokoza mbiri ya maphunziro kuyambira nthawi ya atsamunda, koma amayi anawauza kuti mbalame zikudya mpunga, afupikitse.

Chimene tinagwirizana ndi ichi. Nyumba iliyonse imene ili ndi mwana pa sukulupo izipereka kwa mlezi ndowa imodzi ya mpunga pokolola, monga timachitira ndi woingitsa mbalame. Ndowa yake ikhale yomwe ija timayezera tonse, osati yophwanyika m'mbali, ndipo ikhale yosefukira. Amene alibe chigawo abweretse nsomba zouma kapena afolere chisakasa. Fauziya atafunsidwa, anati atsegula sukulu mpaka nthawi yokolola kuti aone ngati anthu akunena zoona, koma mawu omaliza ndi a mayi ake.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinakulembereni pomwepo. Achemwali, ine malonjezo ndawaona ambiri, ena obwera pa galimoto, ena obwera wapansi. Sindinafune kukutumizirani lonjezo lina. Ndinadikira kuti ndione mpunga ndi maso angawa.

Tsopano takolola, ndipo mpunga wabwera. Woyamba kufika anali a Zubairu, ndowa ili pa njinga, akuti ankangodutsa. Ndowayo inali yosalaza pamwamba ngati tebulo. A Maziko, amene tinawasankha kukhala woyang'anira muyeso, anangoiyang'ana. A Zubairu anabwerera kunyumba n'kubwera ndi mpunga wina m'kapu ya pamutu, n'kuthira pamwamba. Ena onse anatsatira. Nyumba zochepa sizinabweretsebe, ndipo a Maziko amadutsa pakhomo pawo m'mawa uliwonse kukawapatsa moni wautali.

Matumba ali kuchipinda kwanga, moti ndikugona chopinda miyendo. Mavenda ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo, koma ndamuuza Fauziya kuti asagulitse tsopano, adikire mvula ikayamba mtengo utakwera. Sindikunamizani, mukawerengera bwino sizikufika pa malipiro a ku Balaka. Koma kuno salipira lendi kapena kabaza, ndipo nyumba zina zimene zinkasunga ana pakhomo zayamba kuwabweretsa. Mnzake uja anathawira ku ganyu wabwereranso atamva fungo la mpunga, ndipo komiti yati chaka chamawa amuganiziranso.

Za ku Balaka Fauziya sananene choipa. Akuti ana a kumeneko amavala nsapato, zidole ndi zogula kusitolo, ndipo inu munamusamala kwambiri. Anangondiuza madzulo ena tikusankha mpunga kuti kumeneko iye atachoka, m'mawa mwake apeza wina, koma kuno atachoka mwana anagwera m'madzi. Atatero anapitiriza kuumba ting'ombe tadothi toti ana akawerengere mawa lake.

Pempho langa ndi ili, achemwali. Mwini sukulu ya m'tauniyo akuti amudikira mpaka teremu yatsopano. Fauziya wanena kuti mukati bwera, abwera, sadzatsutsana ndi mayi ake. Ine ngati atsibweni ake ndingathe kulamula, koma nonse awiri ndikukudziwani, lamulo langa limathera pakhonde. Choncho ndikupempha: muloleni akhale kuno mpaka kukolola kwa chaka chamawa. Anthu akabwerera m'mbuyo, ndidzamukweza minibasi ine ndemwe, ndipo mudzandinene mmene mungafunire, pa mayunitsi anga. Koma mukamuitana tsopano, mudzi uno udzaphunzira kuti ngakhale upereke, mlezi amachokabe, ndipo sudzaperekanso kwa wina aliyense.

Amene akupatseni kalatayi akupatsaninso kathumba ka kilombero wopunthapuntha. Ndi woyamba pa malipiro a mwana wanu, wapuntha yekha, ndipo akuti muphike Lachisanu mukabwera ku mapemphero a Juma. Mukadya, mundiyankhe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti pampu ya njinga ija ndikuisunga bwino. Moni kwa Hassan ndi ang'ono ake, alimbikire sukulu. Alamu anu kuno akupereka moni, a Maziko nawonso akuti mubwere mudzaone ana akuimba. Allah akusungeni, akupatseni thanzi ndi mtima wofewa powerenga kalatayi.

Ndine mlongo wanu,
Uladi.

Ndinaiwala. Bwana uja anabweranso sabata yatha ndi alendo, anajambulitsa ndi ana, ndipo anabwereza kuti alezi onse akulandira mwezi ndi mwezi. Fauziya anapitanso kwa ejenti dzulo. Mufoni mwake mulibe ngakhale tambala.