Ulusi wobiriwira pa lamba wa agogo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Tsangano kuzizira sikunasinthe. Achemwali anga a Esinala anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Mphumi ndi yanu, koma kulira kwake n'kwa bambo ake. Mbatatesi chaka chino zinapsa masamba ndi chiwawu, tinangokumba zodya basi. Mbuzi yanu yamawanga ija sinasiye kuba kabichi wa eni.

Nkhani imene ikundisowetsa mtendere ndi iyi. Agogo aamuna miyendo yawakana, sangavinenso gule wathu wa ngoma. Tsiku lina anandiitana pabwalo anthu ali pomwepo, n'kundiveka nyoni yawo, chisoti chanthenga chija. Anandimanga zikopa m'chiuno, anandipaka dothi loyera m'masaya, azimayi n'kululutira. Palibe amene anandifunsa. Nditadziyang'ana pagalasi la njinga yamoto ya amalume, ndinaona nkhope ya agogo.

Mwambo wake mukuudziwa. Wovekedwa nyoni waima m'malo mwa mwini wake. Akamwalira mkulu, kaya kuno kaya kutsidya kwa malire, ndiyenera kukavina. Teremu ino ndajomba kambirimbiri. Aphunzitsi andichenjeza kuti ndikaphonya mayeso a mawa ndibwereza Fomu 2. Mawa lomwelo akuika mnzawo wa agogo ku Mlangeni.

Ndinapempha kuti aveke Yohane wa amalume, amene amavina ngakhale popita kudimba. Agogo anangondiyang'ana m'maso. Paja munkati nthenga sizilemera, cholemera ndi maso a anthu.

Ndinkadzitonthoza kuti mukanakhala muli moyo mukanandikanira, inu amene munkandithamangitsira kusukulu ndi chikuni m'manja. Koma dzulo, ndikupukuta lamba wamikanda womangira zikopa, ndinaona kuti wina anachita kumuchepetsa. Ulusi wake ndi wobiriwira uja munasokera yunifolomu yanga. Kasokedwe kake n'kanu, kokhota pang'ono. M'chiuno mwa agogo sangakwanenso. M'chiuno mwanga akukwana ndendende.

Ndiye kuti munkadziwa, amayi? Munasoka liti, mutayamba kale kudwala? Ndinkakhala pambali panu masiku onse aja, koma simunandiuze.

Mawa ndipita ku Mlangeni. Fomu 2 ndibwereza, ndikakhala ndi ana amene anali pambuyo panga, koma sukulu sindisiya, ndikukulonjezani. Lamba wanu ndimumanga zolimba, asagwe pamaso pa anthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani