Dzanja Lamanja la Amayi

Lamulungu, 15 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni, koma pafoni paja mumandidula mawu ngati kale, ndiye lero mundimvera mpaka ndimalize.

Munandifunsa kuti kuntchito kwathu timapanga chiyani kwenikweni, poti Amayi amauza aliyense kuti ndine Dokotala wa Mamba. Sanama kwambiri. Timatenga zikopa ndi mamba a nsomba zimene ena amataya, timatsuka, timawiritsa, kenako timaphwanya mapuloteni ake kukhala tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa mapeputayidi. Tikaumitsa pamatsala ufa woyera wosanunkha n'komwe. Wina umapita m'zakudya za okalamba ndi amene akuchira matenda, wina m'mafuta odzola. Ine ndili ku mafutawo, ndipo ntchito yanga ndi kuyesa ngati akuthandizadi khungu. Lamulo lake ndi limodzi: munthu amadzola dzanja limodzi lokha kwa milungu khumi ndi iwiri, linalo osalikhudza, ndipo ife timajambula manja onse mlungu uliwonse n'kumafananitsa. Kusiyana kukapanda kuoneka, timayambiranso.

Manja a Amayi mukuwakumbuka. Zaka makumi atatu akuchapa nsalu za pahotela, ming'alu m'zala zonse, moti akatisisita kumutu tsitsi linkakola. Mukukumbukanso popita kusukulu, inu kugwira dzanja lawo lamanja, ine lamanzere? Tsiku lina ndinakulandani mbali yanu, ndipo munanditsina mpaka ndinalira njira yonse. Ndikukukhululukiranibe pang'onopang'ono.

Tsopano ndinene chimene chikundichititsa manyazi. Kuchokera kwanga kufika kwa Amayi ndi basi imodzi yokha, koma ndinatha miyezi inayi osapondako. Pafoni ndinkakuuzani kuti ndinali komweko posachedwa, linali bodza. Ndipo tsiku limene ndinapita, sichinali chifundo chimene chinanditengera kumeneko. Mafuta athu atsopano anali atavomerezedwa, ndiye ndinkafuna kudzionera ndekha ngati angathe manja ovuta ngati amene aja.

Ndinawakhazika patebulo la pawindo, lija la mwendo waufupi loikira katoni pansi, n'kuwapatsa mabotolo atatu.

"Muzidzola lamanzere lokha, m'mawa ndi madzulo. Lamanja musalikhudze."

"Nanga lamanjali lalakwanji?"

"Ndi lofananitsira, Amayi."

"Ndiye uzibwera kudzaona?"

"Loweruka lililonse, kudzajambula."

"Zikapanda kusintha?"

"Tidzayambiranso."

Anangoti chabwino, n'kukaika ketulo pamoto.

Achemwali, masiku a Loweruka khumi ndi awiri amenewo ndinabwerera ku ubwana. Kujambula kunkatenga mphindi ziwiri, koma ndinkachoka dzuwa litapendeka. Tiyi amandithirirabe m'kapu ija yoduka chogwirira imene tinkakanirana. Makina osokera akadali pakona, ndipo wailesi ya malemu Ababa imalankhulabe ukaimenya pambali. Anandifotokozera nkhani zimene sindinazimvepo, ngakhale za mmene Ababa anawafunsirira atanyamula malaya oyera kale, ati awachapire.

Koma zithunzi zinandikhumudwitsa. Mlungu wachisanu ndi chimodzi, manja onse chimodzimodzi. Wakhumi ndi chiwiri, chimodzimodzinso. Ndinayamba kukayikira ntchito yanga yonse, ndipo ndinatsala pang'ono kukauza abwana kuti mafuta athu ndi achabechabe.

Dzulo ndikufuna sizasi m'dirowa ya makina aja, ndinapeza mabotolo onse atatu atakulungidwa m'kansalu, osatsegula ngakhale limodzi.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Mafuta," anatero, maso ali pa tiyi wawo.

"Simunadzoleko ngakhale kamodzi?"

"Si unanena wekha kuti zikapanda kusintha uyambiranso? Ine ndimafuna uyambirenso."

Iwo anayang'ana zikhatho zawo n'kunena kuti, "Ming'aluyi ndinaizolowera, mwanawe. Chimene sindinazolowere n'kukhala tsiku lonse osagwira munthu."

Ndinalira, Achemwali, ndisakubisireni. Ine wophunzira, wodziwa kuyeza khungu ndi makina, ndinagwira manja a mayi anga milungu khumi ndi iwiri kuti ndiwaike bwino pa kamera basi. Ndinatsegula botolo limodzi n'kuyamba kuwadzoza ndekha dzanja lamanzere, chala chimodzichimodzi. Lapepuka dzanja lija, silinso lamphamvu ngati limene linkafinya mabulangete. Nditamaliza ndinatambasula mkono kuti nditenge lamanja, koma analibweza msanga n'kulibisa m'chilundu.

"Ili ayi. Kumanja n'kwa mkulu wako. Ukufuna akutsinenso?"

Tinaseka tonse, koma dzanjalo sanalitulutse mpaka ndinatsanzika.

Sindikulonjeza kuti mafutawa achotsa ming'alu ya zaka makumi atatu, mwina angofewetsako. Ine ndiziwadzoza Loweruka lililonse, popanda kamera. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zakwana chichokereni inu, ndipo pafoni amakuuzani kuti ali bwino chifukwa safuna kukudetsani nkhawa. Masiku ano akandiperekeza amapumira kawiri asanafike pageti. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo tchuthi n'chovuta kupeza. Sindikukuimbani mlandu, ine wa basi imodzi ndilibe pakamwa ponenera munthu. Ndikungopempha kuti chaka chino chisathe musanabwere.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo amasunga zithunzi zawo pamwamba pa wailesi. Amayi akuti ndisakuuzeni chilichonse, ndingoti akupereka moni. Moniyo ndi ameneyu. Botolo lachiwiri tidzagwiritsa ntchito ife, koma lachitatu aliika pawindo, ndipo andiletsa kulitsegula.

Ndine mng'ono wanu wa kumanzere,

Dokotala wa Mamba